Njovu Yomwe Inabwera pa Lole

Ana anga, kangapo konse mwandifunsa chifukwa chomwe tinasamukira ku Kapondo pakati pa chaka, n’kusiya mbatata zathu m’munda zosakumba. Masiku amenewo ndinkangokuyankhani kuti boma latero. Tsopano popeza ndinapuma ntchito ndipo choko chinatha m’zikhadabomu, ndati ndilembe mmene zinakhalira. Za ubwana wanga ndazilumpha, mumazidziwa kale. Uphunzitsi ndinauyambira pa sukulu ina pafupi ndi Boma, ndipo nditakhalako ndithu ananditumiza ku Mavwere, komwe kunachitikira zimene ndikufuna mumve.

1994

Chaka chimene boma latsopano linalengeza kuti pulayimale ndi yaulere, ana anatuluka m’midzi ngati ngumbi. Makalasi anadzaza, ena tinkawaphunzitsira pansi pa mitengo ya mango, bolodi titalitsamiritsa pa tsinde. Choko tinkachita kudulirana. Ambiri mwa ana atsopanowo anali ochokera m’midzi ya kutsidya kwa dambo, komwe gule wamkulu ndi wamphamvu ndipo kuyambira kale ankati sukulu ndi msampha wa mpingo.

Mmodzi wa iwo anali Esinta, mtsikana wamtali, wosayankhulayankhula, yemwe anasiyira sukulu panjira mayi ake atamwalira. Anabwera naye ndi atsibweni ake, a Mwale, eni mbumba, bambo wa imvi zakumbali woyenda akukankha njinga. Sanapite ku ofesi. Anafika pa mtengo wanga, natsamiritsa njinga, nadikira mpaka nditamaliza phunziro.

“Aphunzitsi, mwanayu ndi wa mlongo wanga malemu,” anatero. “Ine ndine wa kudambwe, sindibisa. Inu ndamva kuti ndinu a mpingo. Mumuphunzitse kuwerenga ndi masamu, koma musamuphunzitse kutinyoza.”

Ndinawayankha kuti asadandaule, mwana wawo ali m’manja mwanga. Ndinayankha mopepuka, monga momwe munthu amayankhira moni.

1996

Pa sukulu yonseyo mabuku a nthano analipo ochepa, ndipo mwa iwo panali kabuku kena kothothoka chikuto komwe ana ankakakonda kuposa onse. Kankanena za mtsikana wamasiye yemwe m’chaka cha chilala anatsatira njovu yokalamba mpaka inamuonetsa komwe kunali madzi. Ndinkawawerengera Lachisanu lililonse, mpaka anakaloweza pamtima, moti ndikalumpha mzere ankandibweza. Poti ndinali woyang’anira gulu la zisudzo, ndinaganiza zokasandutsa sewero la nyimbo. Mawu ndinapeka ndekha ndikutsuka mbale, ndipo maimbidwe ake ana anawatenga ku nyimbo za pamtondo.

Zipangizo tinalibe. Chitsime chinali beseni langa lochapira. Njovu anali mwana mmodzi atamangirira malichero awiri m’makutu, dzanja atalipisa m’mkono wa juzi yakale ya bambo anu kukhala chitamba. Anthu ankaseka ikamalowa, koma posakhalitsa ankaiwala za malicherowo n’kumaiona ngati njovu ndithu.

Mtsikana wamasiye anali Esinta. Sindinamusankhe chifukwa cha umasiye wake, ndinamusankha chifukwa cha mawu. Mwana yemwe m’kalasi unkachita kumupempha kuti akweze mawu, akayamba kuyimba ankamveka mpaka kuchigayo. Tsiku lotsekera sukulu anaima pansi pa mtengo, wopanda nsapato, ndowa ili pamutu, n’kuyamba nyimbo yake ija yakuti, “Amayi munapita osandilozera njira ya kumadzi.” Amayi ogulitsa zitumbuwa anasiya kugulitsa. Ine amene ndinapeka mawuwo ndinapezeka ndikupukuta m’maso ndi nsonga ya chitenje. Chakumapeto kwa bwalo ndinaona a Mwale atakhala pa kaliyala ya njinga yawo, chipewa chili pabondo. Potuluka anangondiuza kuti, “Mawu amenewo ndi a mayi ake,” n’kukwera njinga.

1997

Mbiri ya sewero lathu inafika ku Boma. Kunali bungwe lina lothandiza sukulu lomwe linkakonza chionetsero cha zisudzo za ana, ndipo linatitumizira mnyamata wodziwa za masewero dzina lake a Denisi, wokulira mu mzinda wa Blantyre. Ahedi athu, a Jere, anasangalala ngati alandira mvula yoyamba, poti m’maganizo mwawo bungwelo likakondwa likanatimangira makalasi. Amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Kathu kanali kakuthwadi, ndipo kanatitema tonse.

Ndisawanamizire, a Denisi sanali munthu woipa. Ankagwira ntchito mpaka thukuta kamukamu, ndipo ana ankawakonda. Koma kwa iwo chinthu chosawala sichinali chinthu. Anabwera ndi jenereta, zimkuzamawu ziwiri zazitali ngati zitseko, kiyibodi, makatani ofiira, ndi mitengo ya mapepala pomwe mitengo yeniyeni inali pomwepo. Beseni langa analichotsa n’kuika chitsime chopenta. Esinta anamusokera diresi lonyezimira ndi nsapato zoyera.

“Achimwene,” ndinawafunsa tsiku lina, “mwana wamasiye wa m’chaka cha njala, wopita kumadzi atavala nsapato zoyera, munamuona kuti?”

“Madamu, ku Boma kudzakhala alendo akuluakulu,” anayankha akuseka. “Amafuna aone chinthu. Za malichero zija zinali zabwino pa kumudzi, koma tsopano tikukwera.”

Nyimbo ya Esinta anaiika pa kiyibodi n’kuifulumizitsa, moti inayamba kumveka ngati ya pa ukwati. Ankamuuza kuti azimwetulira. Ndinakadandaula kwa ahedi, iwo anati, “Madamu, musatitsekere mwayi. Inu munayamba, alekeni odziwa amalize.” Ndinangodziuza kuti mwina ndi nsanje chabe ya munthu wolandidwa khasu.

Za njovu a Denisi ankangoti ikupangidwa ku Lilongwe ndipo tidzaiona tsiku lomwelo, tidzagwira pakamwa. Pokonzekera, atsikana anayi ofanana msinkhu ankayenda mondondozana atafunda nsalu imodzi. Onse anali ana a aphunzitsi ndi a eni magolosale, ongobwera kumene kuderalo. Pamapeto pa sewero Esinta ankayenera kukoka chingwe kuti njovu itseguke, atsikanawo atuluke n’kuwerama pothokoza anthu. Ine m’mutu mwanga ndinkaona chidole cha nsalu chokhala ngati za m’mabuku a ana.

Tinagwirizana kuti tisanapite ku Boma tionetse kaye makolo, Loweruka masana. Lole inafika mmawa, katundu atakutidwa ndi tenti, ndipo anamutsitsira kuseri kwa makatani. Ine anandipatsa ntchito yokhazika ana ang’onoang’ono kumbuyo kwa bwalo. Anthu anabwera ambiri zedi, a mpingo ndi a kutsidya kwa dambo, ena atangomva kulira kwa jenereta. Sewero linayamba. Esinta anayimba, koma chomwe chinkamveka ndi kiyibodi, ndipo anthu ankangoloza diresi. Kenako makatani anatseguka.

Chomwe chinatuluka sichinali chidole. Chinali chinthu chachitali kuposa chitseko cha kalasi, cha nsungwi zokutidwa ndi ziguduli zakuda, m’munsi mwake mukulendewera makoko a chimanga mpaka kukwekwereza pansi, moti mapazi sankaoneka. Chinkayenda chikugwedezeka, fumbi likutuluka pansi pake. Ine ndine mkazi komanso wa mpingo, za kudambwe sindizidziwa ndipo sindizilemba. Koma aliyense wobadwira kuno amadziwa kuti chooneka motero ndi chilombo cha gule, ndipo mwa zilombo zonse njovu ndiye wamkulu. Siituluka wamba. Ikaoneka ndiye kuti kwagwa munthu wamkulu kwambiri. Pambuyo pake ndinamva kuti a Denisi anaona chithunzi chake pa khoma la hotela ina n’kuuza amisiri kuti apange chotero, chifukwa chinkaoneka cha chikhalidwe chathu.

Bwalo linasokonezeka nthawi yomweyo. Amayi a kutsidya anadzuka n’kuthawa liwiro la mtondo wadooka, ena ana ali kumanja, zitenje zikugwa. Ena anagwada pomwe anali n’kuweramitsa nkhope. Mkulu wina pafupi nane anavula chipewa, nandifunsa kuti, “Aphunzitsi, wamwalira ndani?” A mpingo nawo anaimirira mokwiya, akuti sukulu yaitanira ana awo ku nyau. Ana ang’ono omwe ndinkawayang’anira anandikangamira miyendo akulira. Amuna a kutsidya okha sanasunthe. Anaima chilili, manja ali kumbuyo.

Ndinayesa kudutsa kuti ndikazimitse jenereta, koma anthu othawa ankandibweza. Ndili pakati pa chipwirikiticho ndinaona Esinta. Iye anadziwa chomwe chinali patsogolo pake. Anasiya kuyimba, ndowa inagwa, anangoima manja ali lende. A Denisi ataona kuti anthu akuchoka anaganiza kuti achita mantha ndi kukula kwa chinthucho, ndiye anafuna awaonetse msanga kuti palibe choopsa. Anakuwira pa chimkuzamawu.

“Esinta, koka chingwe. Esinta, koka chingwe tsopano.”

Dzina lake linamveka mpaka kutsidya kwa dambo. Ndinakuwa kuti asakoke, koma mawu anga akanapambana bwanji jenereta? Ana athu tinawaphunzitsa kumvera. Mwana uja anayang’ana uku ndi uku, kenako anatambasula dzanja n’kukoka. Nthiti ya njovu inatseguka, ndipo atsikana anayi anatulukamo akuseka, nagwirana manja n’kuwerama.

Palibe anaomba m’manja. Wa kiyibodi naye anasiya. Zomwe anthu a kuno sanenapo ngakhale monong’ona, mwana wamkazi wa mbumba ya a Mwale anazichita masana dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa amayi ndi ana. Ine ndinangokhala pansi pafumbi. A Mwale anayenda pang’onopang’ono mpaka kutsogolo, namugwira Esinta padzanja, namuvula nsapato zoyera zija n’kuziika bwinobwino pa chitsime chopenta. Anadutsa pafupi nane osandiyang’ana.

Lolemba makalasi anali pululu. Ana a kutsidya sanabwere ndi mmodzi yemwe, ndipo Esinta anali atatsala pang’ono kulemba mayeso a Sitandade 8. Nditaweruka ndinawoloka dambo. Amayi omwe kale ankandilonjera ndi nsangala ankalowa m’nyumba akandiona. A Mwale anandipatsa mpando pansi pa nkhokwe, iwo nakhala pa mtondo wogona. Esinta sanatuluke, koma ndinkadziwa kuti ali kuseri kwa chitseko.

“Aphunzitsi, ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha,” anatero.

“Bambo, sindinadziwe. Ndinachiona nthawi imodzi ndi inu.”

“Ndikukhulupirirani. Koma dzina lomwe linamveka si lanu, si la mnyamata wa ku tauni uja. Anzanga akuti mwanayu sangakhalenso m’mudzi muno. Kuli abale athu kutsidya la malire, cha ku Chipata, ndipo kuli munthu yemwe wakhala akumufunsira. Akuti apite kumeneko.”

Ndinagwada pansi, ine mphunzitsi, n’kuwauza kuti mwanayo ndi wanzeru kuposa onse amene ndinawaphunzitsapo, ndipo anangomvera lamulo la wamkulu. A Mwale anakandakanda pansi ndi kamtengo.

“Chinthu chija chili kuti?”

“Tachitsekera m’chipinda chosungira katundu. Akuti Loweruka chipita ku Boma.”

“Chikakwera lole, mwanayu mumuiwale, ndipo ana athu onse muwaiwale. Koma mukatipatsa, ife tikudziwa mochiperekezera kwawo. Pamenepo ndikhala ndi pakamwa poyankhulira kwa anzanga.”

Mmawa mwake ndinawafotokozera ahedi ndi a Denisi. A Denisi anali atafooka, maso ali ofiira, koma sanamvetse. “Madamu, ndi nsungwi ndi ziguduli chabe,” anatero. “Ndikhoza kupita kukapepesa. Koma tili m’nthawi ya ufulu, sitingawotche luso chifukwa choti ena akuopa.” Ahedi anati chinthucho ndi katundu wa bungwe, alendo anauzidwa kale za njovu, ndipo amene achikhudze adzayankha yekha ku ofesi ya maphunziro. Ndinawafunsa ngati makalasi omwe ankawalotawo adzaphunziremo mbuzi, popeza ana apita. Anandiuza kuti ndituluke mu ofesi.

Akulu a mpingo nawo anandiitana. Iwo anati chinthucho chisapitedi ku Boma, koma kuchipereka kwa a kudambwe ndi kuvomereza kuti ndi chopatulika, ndipo mkhristu sangatero. Ndinazingwa. Makiyi a chipinda chija anali ndi ine, monga woyang’anira zisudzo, ndipo ankandilemera m’thumba ngati mwala. Bambo anu, omwe sankakonda zoyankhula zambiri, anangoti, “Mayi a ana, ntchito imapezeka ina, mpingo umakhululuka. Koma mwana akawoloka malire atakwatiwa sabwerera.”

Lachinayi ahedi ndi a Denisi anapita ku Boma kukakonza za lole. Ndinatumiza mawu kutsidya. Titaweruka ndinauza mabanja a aphunzitsi kuti akhale m’nyumba, ndinatsegula loko, ndinasiya chitseko chili pululu, n’kubwerera kwathu osacheuka. Mwina mukukumbukira tsiku lomwe ndinakutsekerani m’nyumba masana, mawindo onse otseka, n’kukuletsani kusuzumira. Tinamva mapazi a anthu ambiri akudutsa kuseri kwa nyumba, popanda woyankhula. Dzuwa litapendeka ndinatuluka, ndipo ndinaona utsi ukukwera kuseri kwa mitengo ya kumanda.

Ahedi atabwera anakalipa mpaka mawu anawathera. Sukulu yathu sinapitenso ku chionetsero, ndipo makalasi aja sanamangidwe. Ku mpingo anandiimitsa pa mgonero kwa kanthawi. Mwezi usanathe ndinauzidwa kuti ndasamutsidwira ku Kapondo, pa sukulu yomwe nyumba yake ya mphunzitsi inali yodontha mbali zonse. Koma tisanapakire katundu, ana a kutsidya anayamba kubwerera, awiri lero, asanu mawa. Esinta anabwera pomalizira. Anakhala kumbuyo kwenikweni, maso ali pa kope. A Mwale anasunga mawu awo. Ndili ku Kapondo ndinamva kuti mwanayo wakhoza ndipo wasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo tsiku limenelo ndinavina ndekha m’khitchini.

Anthu amandifunsa ngati ndimadana ndi zokongoletsa masewero. Ayi. Chimkuzamawu chimathandiza agogo okhala kumbuyo kuti amve. Koma m’zaka zonse zomwe ndinaphunzitsa ndinaona kuti nthano ya ana imafuna kusiyira woonera malo oti amalize yekha m’mutu mwake. Malichero awiri sanalakwire munthu, chifukwa aliyense ankapanga njovu yakeyake. Titabweretsa njovu yathunthu, inabwera ndi eni ake.

2008

Nditatsala pang’ono kupuma ntchito, ndinapita ku Boma kukayendetsa za penshoni. Pa siteji ya maminibasi a ku Lilongwe mayi wina wovala yunifolomu ya unamwino anandigwira pamkono, nagwada pang’ono. Anali Esinta. Anandikakamiza kuti ndikaone pakhomo pake, ndipo ndinapita mtima uli mbee. Nyumba yabwino ya malata, mwamuna waulemu, ndi kamtsikana kochangamuka ka Sitandade 1. Anandiuza kuti a Mwale anamwalira atamuona atavala yunifolomuyo. Ndinadziuza kuti mbatata zathu zija sizinatayike pachabe.

Esinta ali kukhitchini, kamwanako kanakhala pamiyendo panga. Mosaganiza ndinayamba kung’ung’udza nyimbo ija ya njira ya kumadzi, kenako ndinakafunsa ngati amayi ake anakaphunzitsa.

“Amayi sayimba,” kanayankha.

“Iwe, amayi ako? Ankamveka mpaka kuchigayo.”

Kanandiyang’ana ngati ndasokoneza munthu. “Sayimba, agogo. Ngakhale kutchalitchi amangogwira buku.”

Nditatukula maso ndinaona Esinta ataima pakhomo, makapu a tiyi ali m’manja. Zaka zonsezo ndinkadzitama mumtima kuti ndinamupulumutsa yense.

“Ndinayesapo, Madamu,” anatero motsitsa mawu. “Ndikati nditsegule pakamwa, ndimamva dzina langa pa chimkuzamawu.”

Kamwana kaja kanandikoka chitenje kuti ndimalize nyimboyo, kakufuna kudziwa ngati mtsikanayo anawapeza madzi. Ndinayimba ndi mawu anga okalambawa, osweka ngati mphika wakale. Esinta anaika makapu patebulo, natuluka panja kukaanula zovala zomwe zinali zisanaume.